Ntchentche ya ku Tandika

Lachisanu, 4 Julayi

Mitu itatu ndaluka lero. Iwiri ya meshi, wachitatu wa mayi wosakhazikika, foni ili kukhutu mpaka kumaliza. Zala zikuwawa. Piritsi la m'mawa ndamwa, lamadzulo ndamwa.

Ntchentche watulutsa katuni yatsopano pa tsamba lake la pa foni. Amatero Lachisanu lililonse anthu akangotuluka mu mzikiti. Nkhope yake palibe akuidziwa. Amangojambula kantchentche pakona, basi. Ya lero: mkulu wa mzikiti wa ndevu za mbuzi akulalikira kuti akazi azifunda thupi lonse, koma diso lake limodzi latuluka m'mutu, likutsatira matako a mayi wogulitsa nsomba mpaka pokwerera daladala, maminibasi athu akuno. Dzina sanalembe. Tandika yense wadziwa kuti ndi a Mwinyimkuu. Ndodo yomweyo, chipewa chopendekeka chomwecho.

Da Pili, mwini saluni, anaseka mpaka kukhala pansi. "Mnyamata ameneyu adzamupha, koma pa maliro ake ndikaphika ndine." Kasitomala wina anati ndi zolaula, za anthu osaleredwa. Kenako anati, "Tabweretsa kuno ndione bwino."

Ine ndinakasekera kuchimbudzi. Pagulu sindingathe. Koma ndimazikonda. Zimene ine ndimameza, Ntchentche amalavula. Eni nyumba za lendi, apolisi a pamsewu, abusa, mashehe, amuna ogona ngati matumba a simenti. Pamwamba pa tsamba lake analembapo kuti: Ntchentche sisankha mbale. Katuni iliyonse ndimaisunga mu foni, sindinafufutepo ngakhale imodzi.

Akuti a Mwinyimkuu alumbira kuti akadzamupeza adzamuthyola zala chimodzichimodzi.

Ukwati wanga ndi Shomari, wa bodaboda wonyamula anthu pa njinga yamoto, ndi pa 8 Ogasiti. Ndalemba kuti ndingoona mmene zikuonekera pa pepala.

Lachitatu, 9 Julayi

Tsiku loyamba kwa anamkungwi. Azakhali anandisankhira a Chausiku, poti atsikana ambiri a kuno anadutsa m'manja mwawo.

Kachipinda kakuseri, komwe mwamuna salowa, ngakhale amuna awo. Katani ya chitenje cha zinanazi. Galasi long'aluka. Beseni losweka lomangidwa ndi waya wabuluu. Pakona Hidaya, mwana wa mchemwali wawo, akupera mtengo wonunkhira wa liwa pamwala kuti andipake. Zomvera nyimbo zili m'makutu, maso ali pansi. Amagwira ntchito mu shopu yosindikiza makadi a ukwati. Nayenso ndi wotomeredwa, kwa mwana wa a Mwinyimkuu. Anandimwetulira polowa. Mtsikana waulemu.

Anandivula zonse. Manyazi anandigwira. Pondikhula anafika pa ntchafu ya kumanzere, dzanja linaima.

"Moto uwu unakupeza bwanji kuno, mwanawe?"

Ndinaphimba chipseracho ndi dzanja. Iwo anati kwa namkungwi sabisa kanthu, ukabisa ukalowa m'banja ndi minga m'chitenje. "Ine ndine manda. Cholowa muno sichituluka."

Ndinanena. Khunyu. Ndinagwera pa mbaula ndili mwana. Mapiritsi ndimamwa osaphonya, ndipo papita zaka ndisanagwe. Shomari akudziwa, ndinamuuza asanatumize anthu kwathu. Anati amayi ake okha asamve, poti kwawo amati wakhunyu sakwatiwa, amabala ana akugwa.

A Chausiku anandisisita mutu. Ndinalira pang'ono. Pobwerera thupi lonse likununkhira liwa, mtima wopepuka. Mu daladala mayi wina anandifunsa sopo amene ndimasambira.

Lachisanu, 18 Julayi

Katuni ya Ntchentche ya lero. Mabokosi anayi.

Loyamba: mtsikana woluka tsitsi, mutu wozyolika, chipeso chili m'tsitsi, mpata pa mano akutsogolo. Lachiwiri: usiku wa ukwati, ali pa bedi akuphiriphitha, maso atembenuka, thovu kukamwa. Pa ntchafu ya kumanzere chipsera chonga tsamba la chinangwa. Lachitatu: mkwati ataima, chipewa cha bodaboda chikadali kumutu, akumwetulira ngati wapata mphoto. Lachinayi: m'mawa pa siteji akuuza anzake, "Anyamata, ndinamufikitsa mpaka anakomoka. Thovu lokhalokha."

Da Pili anaseka. Kenako anandiyang'ana. Kenako anavundikira foni pa tebulo.

Ndinamaliza mutu umene ndinali nawo. Mizere yonse yowongoka, ndinaonetsetsa.

Chopweteka kwambiri n'chakuti ndi yoseketsa. Akanakhala wina ndikanakasekera kuchimbudzi.

Chipsera chimenecho ngakhale Shomari sanachionepo. Amayi anga anapita nacho kumanda enieni. Azakhali foni amangoyankhira. Watsala ndani?

Piritsi ndamwa.

Loweruka, 19 Julayi

Shomari anabwera pa geti, injini osazimitsa. Anzake a pa siteji akumuchitira sawasha ngati msilikali, akumutcha Bwana Thovu. Alongo ake anaonetsa amayi awo katuni ija. Mayi Shomari akufuna ndipite Lamulungu la sabata yamawa, ndikagwire Korani pamaso pawo n'kunena kuti mtsikanayo si ine ndipo matendawo ndilibe.

"Ungonena kuti si iwe, Mwamvua. Oluka tsitsi ku Tandika alipo angati? A mpata pa mano alipo angati? Tikalowa m'nyumba adzazolowera."

Ndinamufunsa ngati iyeyo anaseka. Anayang'ana pa thanki ya njinga.

Sutikesi ya ukwati imene anabweretsa a kwawo ili pansi pa bedi. Zitenje, nsapato zagolide, mafuta onunkhira, diresi lobiriwira. Sindinaitsegule lero.

Lolemba, 21 Julayi

Ndinapita kwa a Chausiku ndisanalowe ntchito. Njira yonse ndikubwereza mawu m'mutu. Ndinawapeza pakhonde akukazinga chinangwa, zala zofiira ndi hina, utoto wopaka akwatibwi, ya ukwati wa eni.

Ndinangotha kunena kuti, amayi, mwaiona?

"Ndaiona chiyani? Ine foni yanga ndi ya mabatani, mwanawe." Anatembenuza chinangwa. "Usadzivute. Ntchentche zimalowa paliponse pamene pali fungo."

Pamene pali fungo. Ine.

Anandithirira tiyi wa jinja. Ndinamwa. Ndinathokoza. Ndinatsuka ndi kapu yomwe. Mulungu wanga, ndinatsuka kapu.

Tsiku lonse ndikuluka ndimaganiza za mutu wawo. Kuukoka mpaka khungu litatupa. Kuthira mankhwala owongolera tsitsi n'kuwaiwala dala, tsitsi lonse n'kutsalira m'beseni. Koma tsitsi limamera. Ndikufuna chinthu chosamera.

Lachitatu, 23 Julayi

Magetsi anazima masana, makasitomala kulibe. Ndinakhala kuseri kwa saluni n'kuyamba kuonanso makatuni onse amene ndinasunga, imodziimodzi, kuyambira yakale.

Za akwatibwi zilipo zina zitatu. Uja amene azakhali ake anapha nkhuku kuti nsalu yoyera ya usiku woyamba ioneke magazi. Uja wa bere limodzi lalikulu, mkwati akuliyeza pa sikelo ya tomato. Uja amene bambo omupereka ku ukwati si bambo ake, bambo ake enieni ndi woimba ng'oma. Zonse ndinaseka. Ya nkhuku ndinaionera kangapo.

Atatu onsewo ndinawaluka ndine tsitsi la ukwati. Siwema, Mwanaisha, Tatu. Ndikukumbuka amene anabwera nawo ku saluni, atakhala pa benchi akudzikupiza mphepo ndi chikwama. A Chausiku. Onse atatu.

Ndinaimbira Siwema. Mwamuna anamusiya mwezi usanathe, pano amagulitsa zitumbuwa ku Buza kwa amayi ake. Ndinamufunsa za nkhuku ija. "Za nkhuku ndinauza munthu mmodzi yekha. Koma usanditchule, Mwamvua, ndatopa kusekedwa."

Ndinamupepesa kuti ndinaseka. Anati, "Anaseka ndi amayi anga omwe, asanadziwe kuti ndine."

Lachinayi, 24 Julayi

Njira zilipo ziwiri, ndaziyang'ana mbali zonse.

Ndikagwira Korani Lamulungu n'kunama, ukwati ulipo. A Chausiku adzandiveka diresi lobiriwira, adzavina kutsogolo kwanga, anthu adzawafupa. Mwezi wamawa adzavula mtsikana wina n'kumuuza kuti iwo ndi manda.

Ndikawaulula, ndiyenera kunena mmene ndadziwira. Ndiye kuti ndavomera kuti wa thovu uja ndine. Siwema sangayankhule. Palibe wina.

Pamaso pa anthu pakamwa panga pamauma. Koma pansi pa katuni pali malo olembapo ndemanga, ndipo Tandika yense amawerenga pamenepo kuposa nyuzipepala. Sindinalembepo chilembo ngakhale chimodzi. Sukulu ndinalekeza sitandade 7, ndimaopa kuti andiseka kalembedwe. Lero ndayeserera pa chikatoni cha meshi. Ndafufuta, ndalembanso. Mawu otukwana ndachotsa onse. Sindikufuna anthu aone mkwiyo. Ndikufuna aone a Chausiku.

Shomari anatumiza uthenga: wagula kale nsalu ya makatani a chipinda chathu, ya maluwa achikasu. Ndimamukonda. Ndilembe zimenezi pano kuti ndisadzaziiwale kapena kudzinamiza.

Lachisanu, 25 Julayi

Ya lero inali ya wapolisi woyamwitsa mimba yake. Ndinadikira anthu achuluke. Kenako ndinalemba pansi pake, ndi dzina langa, ndi chithunzi changa:

"Ine ndine Mwamvua Selemani, ndimaluka tsitsi kwa Da Pili. Mkwatibwi wa thovu uja ndine. Khunyu ndili nalo ndipo mankhwala ndimamwa. Chipsera chija ndinaonetsa namkungwi wanga m'chipinda chake, atandiuza kuti iye ndi manda. Iwe Ntchentche umati susankha mbale. Jambula tsono mbale imene umadyera. Kapena ukuopa?"

Ndinawerenga katatu ndisanatumize. Cholakwika panalibe. Ndinatumiza, n'kuika foni m'thumba la mpunga kukhitchini kuti ndisaimve.

Madzulo Da Pili anabwera yekha kunyumba, wefuwefu, foni m'manja. "Iwe kamsikana kosayankhula, wayatsa Tandika." Anandiwerengera. Wina: Ntchentche wagwera mu tiyi. Wina: jambula, wamantha iwe, a shehe unawatha, ukuopa gogo wa hina? Amuna ena zopusa, akufunsa ngati thovulo limabwera tsiku lililonse. Mayi wina wa ku Mbagala anati mwana wake naye amagwa ndipo ali ku koleji.

Pansi penipeni Siwema, ndi dzina lake: "Wa nkhuku ndine. Namkungwi yemweyo."

Pamenepo ndiye ndinalira.

Lamulungu, 27 Julayi

Sindinapite kwa Mayi Shomari. Anabwera ndi amalume ake a Shomari, amene anayenda pakati pa mabanja athu kuyambira pachiyambi. Anakhala pa mkeka, tiyi anakana. Anati banja lawo lilibe mawu oipa ndi ine, koma magazi ndi magazi. Adzatenga sutikesi.

Azakhali analira ngati pamaliro. "Ukanangokhala chete mmene umakhalira masiku onse. Tsiku limodzi lokha loti ukhale chete, wasankha kuyankhula."

Ndinapempha adikire pang'ono. Ndinasita zitenje zonse, ndinapukuta nsapato, diresi ndinalipinda ndi pepala mkati monga linabwerera. Botolo la mafuta onunkhira silinatsegulidwe, ndinawaonetsa chidindo chake. Asadzanene kuti wakhunyu anabweza zinthu zakuda.

Shomari anali panja ndi njinga, poti ndiye ananyamula amalume akewo. Sutikesi anaimanga kumbuyo ndi malamba a mphira.

"Bwanji sunandifunse kaye?"

Ndinati, iwe unandifunsa ngati ndingagwire buku la Mulungu n'kunama?

Anati tidikire mtima wa amayi ukhale pansi, mwina chaka chamawa. Anatero maso ali pa lamba. Ndikumudziwa. Sabweranso.

Piritsi ndamwa mochedwa. Ndisachitenso zimenezo. Sindigwa sabata ino, ayi, sindiwapatsa mphatso imeneyo.

Lachisanu, 1 Ogasiti

Wajambula.

Bokosi loyamba: namkungwi wa zala za hina akukhula mtsikana wamaliseche m'kachipinda, akuti, "Ine ndine manda." Lachiwiri: manda aja tikuwaona kunja, ali ndi windo ngati okala, akazi ali pamzere ndi mabigiri. Lachitatu: namkungwi wasuzumira pawindo, pakamwa pake ndi mpopi, akuthira m'mabigiri. Lachinayi: maliro enieni afika ndi bokosi, iye akuti, "Pepani, muno mwadzaza, pokhapokha ngati malemuwo ali ndi nkhani."

Ndinaseka pakati pa saluni. Mokweza, pamaso pa makasitomala, chipeso chili m'manja. Da Pili anati, "Kodi uli ndi mano onsewa?"

Pofika madzulo ana a m'njira ayamba kale kuwaitana kuti Manda a Windo. Mayi wina amene ndimamuluka anaimba foni ndili pamutu pake, kuuza mchemwali wake kuti mwana wawo asapitenso kumeneko, apeza namkungwi wina ku Temeke.

Ndadya chipisi cha mazira ndekha pa benchi. Chinakoma.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Kumsika, pa matebulo a nyemba. A Chausiku. Zala zoyera, hina yatha, palibe wawaitana. Ogulitsa anasiya kuyankhula iwo akudutsa. Wina anagogoda tebulo n'kunena kuti, "Odi ku manda, mwatsegula?"

Anandiona. Ndinafuna kukhota, koma anali atandifikira kale. Anandigwira dzanja. Achepa thupi.

"Mwanawe, ntchito iyi anandisiyira amayi anga. Ndikulumbira pa dzina la Mulungu, sindinauze munthu. Ngakhale amuna anga."

Ndinachotsa dzanja langa pang'onopang'ono. Ndinati, musadzivute amayi, ntchentche zimalowa paliponse pamene pali fungo.

Mawu anatuluka bwinobwino, osanjenjemera. Ndawabwereza njira yonse mpaka ku saluni ngati switi yosafuna kutha.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Lero.

Ndinapita ku ntchito. Mitu iwiri. Da Pili anazimitsa wailesi itayamba nyimbo za ukwati, ine ndinamuuza ayatse. Shomari anadutsa ndi kasitomala, hutala sanaimbe.

Katuni yatsopano sindinaitsegule. Ndinabwerera ku ya manda ija kuti mtima uzizire. Ndinaikulitsa ndi zala, bokosi loyamba, kuti ndione bwino nkhope ya a Chausiku.

Katani ya zinanazi. Galasi long'aluka, mng'alu wake kuchokera kumanja kutsika. Beseni, ndi waya wake wabuluu, mfundo ili pomwe ili.

Munthu akamagulitsa nkhani ya mnzake amanena za khunyu, za chipsera. Sanena za waya wa beseni. Wojambulayu analowamo. Ndipo m'chipinda chimenecho mwamuna salowa. Tonse timati mnyamata, mnyamata. Anatiuza ndani kuti ndi mnyamata?

Ndinayang'ananso. Chipinda chonse chajambulidwa kuchokera pansi, pakona, msana wa namkungwi uli kuno, nkhope ya mtsikana ili uko. Chilichonse chilimo kupatula mwala woperera liwa. Poti wojambulayo anakhala pamwalapo.

Zomvera m'makutu sizitanthauza kuti nyimbo ikulira.

Hidaya. Wa makadi a ukwati. Waulemu uja. Anandimwetulira polowa, chipsera changa anachiloweza ngati phunziro. Ndipo anthu atamupanikiza anajambula mayi ake aakulu omulera, n'kuwaponya kwa agalu kuti iye apulumuke.

Mwina a Chausiku sananame kumsika kuja. Ndaganizira zimenezo mpaka tiyi anazizira. Koma anandivula pamaso pa munthu wina n'kundiuza kuti ndili m'manda. Atsikana anayi, khutu lomwelo pakona pomwepo, iwo osadabwa. Sindikapepesa.

Sindinauze munthu. Ngakhale Da Pili, pakamwa pake naye ndi windo.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Masiku onsewa ndimaganiza kuti ndilembenso ndemanga. Ayi. Angakane, angafufute tsamba lonse, anthu n'kunditenga ngati wamisala. Ndipo kunena zoona sindikufuna tsamba life. Lachisanu popanda Ntchentche lingakhale chiyani? Ndikufuna zala zimene zinandijambula zinjenjemere, basi.

Mulungu sagona. Lero Da Pili akuti Loweruka m'mawa ndisalandire wina. Hidaya waimba. Lamulungu a kwa mwamuna wake akubwera kudzapereka malowolo, a Mwinyimkuu eni ake akutsogolera, ndi ndodo yawo ija. Akufuna timizere ting'onoting'ono, mutu wonse, ntchito ya tsiku lathunthu. "Wati umuluke iweyo, akuti manja ako ndi ofewa. Mwina akufuna akupepese za mayi ake aakulu, mwana wabwino uja."

Kaya wabwera kudzaona ngati ndikudziwa. Kaya akufuna katuni ina.

Katuni ya ndevu za mbuzi ndikadali nayo. Ya manda ndili nayo. Ndaziika pamodzi.

Ndidzamuluka bwino. Sindidzamukoka ngakhale tsitsi limodzi. Ndidzamupatsa pilo wokhalira, ndidzamugulira soda. Tikadzafika pakati pa mutu, mbali imodzi yoluka, mbali ina ili nyankhalala, pamene mkazi sangadzuke n'kutuluka mumsewu, ndidzawerama ngati ndikuwongola mzere. Ndidzamuchotsa chomvera chimodzi m'khutu. Ndidzamufunsa chapansipansi: apongozi ako a ndevu za mbuzi, uwauza wekha kapena ndikawauze ine?

Zipeso ndatsuka kale.